Mapazi a pa Thanthwe

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, mwana woweta mbuzi m'mapiri a ku Petauke, kapena wosamba m'mitsinje ya ku Nyimba, nthawi zina amapeza pathanthwe kadzenje konga phazi la munthu, kapena mwala wolembeka ngati tsamba. Kodi zimenezi ndi zotsalira za zamoyo zakale?

Funso limeneli silinayambe lero. Makolo a Acewa ankati anthu oyamba ndi nyama anatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, thanthwe likali lofewa, nasiyapo mapazi ao. Nthano imeneyi tiisunge, pakuti imatiuza m'mene makolo ankaganizira za ciyambi cao.

Anthu ophunzira naonso miyala inawasokoneza. M'zaka za m'ma 1860, John William Dawson wa ku Canada anaona mizere m'mwala, nati ndi kanyama kakale koposa zamoyo zonse, nakacha Eozoon. Mu 1894 mizere yotereyi inapezeka m'miyala yolavulidwa ndi phiri la moto ku Italy, ndipo kunadziwika kuti inali nchito ya kutentha cabe.

Mapiri ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba ndi a mwala wolimba umene unapangika pansi penipeni, m'kutentha koopsa. M'menemo fupa kapena tsamba silingapulumuke. Timaenje tija timakumbidwa ndi madzi a mvula odikha pathanthwe, kapena ndi timiyala tozunguzidwa ndi mtsinje. Masamba aja ndi mcere wakuda umene unalowa ndi madzi m'ming'alu, nuumira momwemo.

Zotsalira zenizeni zili m'cigwa ca Luangwa, m'miyala imene kale inali matope ndi mcenga. Mu 1928 ndi 1935, Frank Dixey anatola kumtunda kwa cigwaco mafupa osanduka mwala, a nyama zimene zinalipo zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo. Nyama ina yopezeka komweko inachedwa Zambiasaurus mu 1969, kulemekeza dziko lathu.

Tsono mukapeza mwala wodabwitsa, yambani mwafunsa kuti, kodi unabadwa m'moto kapena m'matope? Musauswe, musaugulitse, pakuti fupa loona likasweka mbiri yake yatayika. Auzeni aphunzitsi, iwo adziwitse a National Heritage Conservation Commission. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.