Kuchokera pa ng'anjo kufika pa Okapi: mbiri ya mpeni wa kwathu

 Chimanga chauma, zikwanje zayamba kulira pa miyala yonolera, ndipo masabata akubwerawa aliyense akhala ali pa mikukwe. Nyengo ngati ino inu a m'tauni mumakonda kufunsa kuti, "Tikutumizireni mpeni wanji, wopinda kapena wa m'chimake?" Funsolo ndi lalifupi, koma yankho lake lili ndi mbiri. Ndiye khalani pansi, lero ndalemba zazitali.

Tiyambe ndi ntchito. Pakhomo pa mlimi mpeni umodzi sukwana. Pali chikwanje chodulira mapesi ndi mitengo ya chigafa. Pali mpeni wosapinda, wa chigumbu cha mtengo, wong'alulira nsungwi za nkhokwe, madengu ndi malichero, womwenso timasendera mbuzi pamaliro ndi paukwati. Pali kampeni ka amayi kochekera mpiru ndi kusendera mbatata. Ndiye pali wa m'thumba, wopinda uja, wodulira luzi, wosendera nzimbe, wosongolera chikhomo cha mbuzi. Ntchito zina za kudambwe sitinena pano, eni ake akudziwa.

Mwa onsewa, mwini mudzi ndi wosapindayo. Wopinda ndi mlendo, adabwera dzulodzuloli.

Akatswiri ofukula zakale amati anthu odziwa kusungunula chitsulo adafika m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, komwe kudali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi adafukula zida zachitsulo pamodzi ndi mikanda ndi mapale a mbale zochokera ku China. Mpwitikizi wina, António Gamitto, yemwe adanyamuka ku Tete m'chaka cha 1831 kupita kwa Kazembe, adadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa ndipo adalemba za luso lawo losula. Makasu a Amaravi ankatsika mpaka ku Zambezi ngati malonda. David Livingstone nayenso, poyenda muno cha m'ma 1860, adalemba za ng'anjo ndi osula omwe ankawapeza m'midzi. Mwamva? Ife ndife amene tinkagulitsa chitsulo kwa ena.

Ntchito yake sidali yamasewera. Ng'anjo ankaiwumba ndi dothi, yaitali kuposa munthu, kutali ndi mudzi. M'munsi mwake ankalowetsamo timipope tadothi topitira mpweya. M'kati ankathiramo makala, kenako miyala ya chitsulo, makala, miyala, mpaka kudzaza. Moto unkayaka usana ndi usiku. Chotuluka mmenemo sichidali chitsulo choyera ayi, chinkafunika kuchiotchanso pa kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, kenako kuchimenya pa chipala kufikira zonyansa zitagwa. Nthawi yonseyi osungunulawo ankadika, osayandikira akazi awo, poopa kuti ng'anjo ingakane. Kuti mpeni umodzi ufike m'manja mwa munthu, padali odula mitengo, ootcha makala, okumba miyala, opemerera ndi osula. Chitsulo chotere sichinkatayidwa. Khasu likatha linkabwerera ku chipala n'kukatuluka kampeni, lumo kapena muvi. Amene mwalowako ku nkhalango ya Kasungu mukudziwa kuti zotsalira za ng'anjo zidakalipo mpaka lero.

Nkhondo ya Angoni itafika, Angoni a Chiwere atakhazikika m'mapiri a Dowa, makolo athu ambiri adathawira m'phiri la Ntchisi. Idali nthawi yovuta, koma kusula sikudathe, pakuti munthu wobisala m'phiri amafunabe khasu, nkhwangwa ndi muvi. Chimene chidazimitsa ng'anjo ndi sitolo. Kampani ya African Lakes, ija tinkaitcha Mandala, idayamba m'chaka cha 1878. Mishoni ya Mvera idatsegulidwa mu 1889, ya Kongwe mu 1894. Kudabwera msonkho, kudabwera ndalama, kudabwera masitolo a amwenye. Cha m'ma 1920 ulimi wa fodya wa chikopa udafalikira ku Lilongwe ndi ku Dowa, munthu n'kumagwira ndalama m'manja pakutha pa chaka. Ndani akadavutikanso masabata ndi makala pamene khasu la ku Mangalande lili pa shelefu? Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zomaliza ku Kasungu zidazima. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza atafuna kuona mmene ntchitoyi inkayendera, adachita kusaka nkhalamba za kwa Chulu zomwe zidaionako pa unyamata kuti ziwumbenso ng'anjo. M'zaka makumi asanu okha, luso la zaka zoposa chikwi lidatsala m'mitu ya agogo owerengeka.

Koma apa mvetsetsani. Ng'anjo idazima, chipala sichidazime. Osula adangosintha kopeza chitsulo. M'malo mwa miyala adayamba kutola masipuling'i a galimoto, makasu akutha ndi masowo othyoka. M'malo mwa chikopa cha mbuzi, ambiri lero amapemerera ndi gudumu la njinga. Mpeni wa chigumbu cha mtengo womwe mumauona pa msika wa Mponela kapena pa boma la Ntchisi, utayalidwa pa thumba pambali pa nkhwangwa ndi kasemasema, ndi mdzukulu weniweni wa ng'anjo zija.

Tsopano tibwere kwa mlendo. Mpeni wa Okapi udayamba kupangidwa m'chaka cha 1902 mumzinda wa Solingen ku Germany, ndipo adaupangira msika wa kuno ku Africa. Dzinalo ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo, yamizeremizere m'miyendo ngati mbidzi koma ndi mbale wake wa kadyansonga. Ndipo nkhani yoseketsa ndi iyi: mzungu amene adachititsa kuti nyamayi idziwike ku Ulaya mu 1901 ndi Harry Johnston, yemwe uja adali bwanamkubwa woyamba wa dziko lino kuyambira 1891. Mpaka lero m'mabuku a sayansi nyamayi ili ndi dzina lake, Okapia johnstoni. Adatibweretsera msonkho, kenako dzina la nyama yake n'kudzatilowanso m'thumba. Dziko ndi laling'ono, eti?

Amene mudaugwirapo mukuudziwa. Chigumbu cha mtengo wofiirira, pena chokhala ndi kamwezi ndi tinyenyezi, kumsana kuli kamphete. Potsegula umalira kuti ke-ke-ke, ukatseguka wadzikhoma, supindika mpaka utakoka kamphete kaja. Chitsulo chake chimachita dzimbiri ukachisiya chonyowa, koma chimamva mwala. Kungopitapo kangapo, wayamba kumeta ubweya wa pamkono.

M'midzi yathu ino Okapi adabwera kwambiri m'masutikesi. Amuna ankachoka kuno kupita ku Halale ndi ku Joni, ena pa Mthandizi, ena pa Wenela, ena pa selefu, wapansi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000. Wobwerako ankadziwikira patali: bulangete, jekete, wailesi, njinga, ndi mpeni wopinda. Atsibweni anga adabwera nawo wawo, ndipo ife ana tinkaloledwa kuuona kokha, osaugwira. Ankautulutsa pa bwalo pogawa nyama, anthu n'kumati, "Awa ndiye adayendadi." Mpeniwo udatha ndi kunola mpaka udaonda ngati tsamba la nsungwi, koma sudathyoke.

Okaona nyanja adakaona ndi mvuu zomwe. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Ulendo udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu ake sadachulukenso ngati kale, ndipo kuyambira 1988 udatha chifukwa cha mkangano wa zoyeza magazi. M'chaka chomwecho cha 1988 fakitale ya Okapi idasamuka ku Germany kubwera ku South Africa, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Mpeni udasendera pafupi pamene khomo lomwe unkalowera kwathu linkatsekeka. Komanso tisaiwale machona, omwe sadabwereko konse, ndi ena omwe adabwera ndi chifuwa cha m'migodi. Mpeni wa m'sutikesi uja mtengo wake weniweni sudali wa pasitolo.

Pali chinanso chimene chidabwera nawo. M'makomboni a ku Joni, Okapi adatchuka ngati mpeni wa atsotsi. Ngakhale ku Jamaica, kutali uko, anyamata ovuta ankadziwika ndi mpeni womwewu. Kwa makolo athu, mpeni udali chiwiya, wa nkhondo udali mkondo ndi uta. Zoti mnyamata azitulutsa mpeni pa mowa kapena pa mpira ndi khalidwe lobwera, ndipo tonse tikudziwa mabanja omwe lero ali ndi mwana mmodzi kumanda, wina kundende, chifukwa cha mkangano wa kachasu wa botolo limodzi. Inu muli ku Joni dziwaninso kuti kumeneko kuli lamulo la mu 2013 lokhudza zida zoopsa. Akakupezani ndi mpeni pa malo ndi nthawi yokayikitsa, simudzalongosola za luzi ndi nzimbe. Mpeni uzipita kumunda ndi kudimba. Popita ku mowa uzitsala pa tsindwi.

Nanga lero tili pati? Pa msika padzaza mipeni yonyezimira, ya zigumbu za pulasitiki, yotsika mtengo. Ina yalembedwa maina otchuka koma ndi yonamizira. Ukaugula umacheka bwino sabata imodzi. Ukaupititsa pa mwala umangoterereka, sukumva. Kamsomali ka popindira kakaguluka, basi, wapita kudzala. Nkhwangwa imakhulupirira mpini, ndipo mpeni nawo umakhulupirira chigumbu: pulasitiki ikasweka palibe mmisiri woisema. Chaka chimodzi munthu amagula itatu, n'kumati wapulumutsa ndalama.

Uku osula athu akutha mmodzimmodzi. Werengani nokha a m'dera lanu lino amene mungawapititsire chikwanje chothyoka, muone ngati zala za dzanja limodzi zithe, ndipo muonenso kuti ndi angati alibe imvi. Anyamata akuti ntchito ya makala ndi yonyozeka, bola kabaza. Zimene zidachitikira ng'anjo mu 1930 zikuchitikira chipala ife tikuona. Chifukwa chakenso n'chimodzimodzi: za pashelefu n'zosavuta. Tsiku lina adzukulu athu adzachita kusaka nkhalamba yowasonyeza kawotchedwe ka chitsulo, ngati zija za kwa Chulu.

Ndiye yankho langa kwa inu ofunsa ndi ili. Wa m'thumba, ngati mwapeza Okapi weniweni, tumizani, tidzathokoza. Muyese kaye: utseguke mpaka kudzikhoma, usagwedere uku ndi uku. Koma mpeni wopinda ndi wa ntchito zopepuka. Ukamaukhoma ndi mtengo pong'alula nsungwi, popindira pamamasuka, tsiku lina udzakupindikira pa zala. Ntchito yolemera ndi ya wosapinda, ndipo ameneyo musavutike kumusaka m'mashopu a m'tauni. Tumizani ndalamayo, tikagula kwa wosula wa kuno. Mpeni wa sipuling'i wosulidwa bwino, mchira wa chitsulo utalowa mozama m'chigumbu, umang'alula nsungwi za nkhokwe yonse osabuntha. Ukabuntha, mwala ulipo kuseri kwa nyumba. Chigumbu chikasweka, mtengo ulipo. Nsonga ikathyoka, mwini wake amene adausula ali pompano, tikum'dziwa ndi dzina. Mpeni wabwino kwa mlimi ndi umene ungakonzedwe osakwera minibasi.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Mukasenda nyama kapena kudula zamadzi, pukutani, pakani kadontho ka mafuta ophikira. Nolani pa mwala wonyowa, mbali zonse mofanana, osati pa simenti ya khonde. Sokerani chimake cha chikopa, pakuti mpeni wamaliseche m'thumba la jekete udapweteka ambiri podumpha ngalande. Popatsa mnzanu, tsogozani chigumbu, monga adatiphunzitsira akuluakulu. Ndipo ana asaupeze pa mkeka.

Pempho langa lomaliza likupita kwa inu atsibweni ndi azakhali amene muli ndi anyamata omwe sukulu idawakanika ndipo angokhala pa tiledingi. M'malo mowasonkhera ya basi ya ku Joni opanda mapepala, yesani kupititsa mmodzi kwa wosula, akayambe ndi kupemerera moto. Chaka chino tikolola, chaka chamawa tidzakololanso, ndipo chaka chilichonse zikwanje, nkhwangwa ndi mipeni zidzafuna wozikonza. Ntchito imeneyo kasitomala wake satha.

Amene muli ndi mipeni ya agogo m'masutikesi, yosulidwa kuno kapena ya ku Wenela, musaitaye. Itulutseni, muipukute, muwauze ana kumene idachokera. Tikolole bwino, abale anga, ndipo zikwanje zidule mapesi okhaokha.