Mbiri ya mthenga woitanira anthu ku msonkhano

Makompyuta asanalowe m'maofesi a ku America ndi ku Ulaya, ntchito yosonkhanitsa anthu khumi m'chipinda chimodzi pa ola limodzi inali ya mlembi, amene ankakhala ndi buku la masiku la bwana wake patebulo, naimbira lamya alembi anzake mmodzimmodzi, kufunsa, kudikira, kufufuta ndi kulembanso, kufikira atapeza nthawi yokomera onse. Ndipo iyeyo ndiye ankasunga pamtima amene wavomera, amene wakana, ndi amene wangoti inde pakamwa mtima uli kwina. Luso limeneli, lomwe eni ake ambiri anali amayi ndipo silinkayamikidwa monga kuyenera, ndilo akatswiri a makina anafuna kuliphunzitsa kompyuta.

Kampani ya IBM inayamba msanga ndi PROFS, pulogalamu ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, imene inkaonetsa wantchito maola amene anzake ali omasuka; koma zonsezi zinkatheka pokhapokha onse ali pa kompyuta imodzi yaikulu ya kampani yawo. Pambuyo pake Microsoft inatulutsa Schedule+ mu 1992 ndi Outlook mu 1997, Lotus nayo inaika kalendala mu Notes mu 1996, ndipo pamenepo padagwa chisokonezo chonga cha pa nsanja ya Babele, pakuti pulogalamu iliyonse inkalankhula chinenero chakechake, kotero kuti kalata yoitanira yochokera mu Outlook inkatha kufika kwa munthu wa pulogalamu ina ngati kafayilo kosatsekuka kotchedwa winmail.dat, woitanidwayo nakhala osadziwa tsiku kapena malo.

Mutu umodzi susenza denga. Mu 1996 bungwe la Versit, m'mene munali Apple, AT&T, IBM ndi Siemens, linalemba vCalendar; ndipo mu Novembala 1998 bungwe la IETF, lokonza malamulo a intaneti, linasindikiza RFC 2445, chikalata cha iCalendar, chimene anachilemba Frank Dawson wa ku Lotus ndi Derik Stenerson wa ku Microsoft, amuna a makampani awiri olimbirana malonda. Ine ndimalemekeza kwambiri mgwirizano umenewo, popeza aliyense wa makampaniwo akadatha kutsekera makasitomala ake m'khola lake.

Chimene anakhazikitsa n'chofunika kuchimvetsa bwino, pakuti ambiri amaganiza kuti msonkhano umakhala pamalo amodzi pamene onse amauona, chikhalirecho woitana amasunga msonkhano wake m'kalendala yake, ndipo woitanidwa aliyense amalandira kope lakelake, makope onsewo namangidwa pamodzi ndi nambala imodzi yachizindikiro imene sisintha. Pa dzina la woitanidwa aliyense pamalembedwa poyamba kuti sanayankhe. Iye akadina batani, pulogalamu yake imatumiza imelo ina yobwerera, yonyamula nambala ija ndi yankho: kuvomera, kukana, kuvomera mokayika, ngakhale kutuma wina m'malo mwake, ndipo pulogalamu ya woitana ikalandira, imapeza dzinalo nisintha cholembedwacho, n'chifukwa chake mu Outlook muli tsamba la Tracking loonetsa mayina onse ndi mayankho awo. Woitanidwa angathe kupempha nthawi ina, koma mphamvu yosintha kapena kuthetsa msonkhano ili ndi woitana yekha. Iye akasuntha tsiku, nambala yachiwiri yowerengera kusinthako imakwera, kuti yankho lakale lofika mochedwa lisasokoneze latsopano, ndipo anthu amafunsidwanso.

Apa ndipo pali kufooka kwake, komwe si kwa makina okha ayi. M'fanizo la phwando lalikulu, pa Luka 14, oitanidwa aja, wa munda, wa ng'ombe ndi wokwatira kumene, anawiringula ndithu, koma kapolo anabwerera ndi mawu awo, mwini phwando nadziwa chochita. Mthenga wa m'kompyuta sabwerera ngati sanapatsidwe mawu. Kwa zaka zambiri Outlook inkalola munthu kuvomera osatumiza yankho, msonkhano nulowa m'kalendala yake pamene kwa woitana iye akuonekabe ngati wosayankha. Yankho lina limasochera pakati pa maimelo osafunika. Winanso amapatsira mnzake kalatayo, natulukira pamndandanda mlendo amene woitana sanamuganizire. Mlembi wakale akaona chete ankaimbanso lamya, ndipo ankatha kumva m'mawu a munthu ngati adzabweradi. Pulogalamu imangolemba kuti palibe yankho, ndipo woitana amakonza mipando, chakudya ndi galimoto ali mumdima. Zimandiwawa kuona kuti chipangizo chimene chinachepetsa ntchito yoyankha kufikira kudina kamodzi chachulukitsanso anthu osayankha, chifukwa kalata yosadza ndi nkhope ya munthu imanyozeka msanga.

Chinthu chimodzi chimene makinawa amachita bwino koposa munthu ndicho kuwerengera maola a maiko. Kalata yoitanira imanyamula dera la nthawi la woitana, kotero kuti wogwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kumene wotchi sisunthidwa chaka chonse, akaitanidwa ndi anzake a ku London, amene amatsalira ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira ndi ola limodzi lokha m'nyengo yotentha, amapeza msonkhanowo utakhala kale pa ola loyenera la kwawo.

Google Calendar itafika mu 2006 inatsata njira yomweyo, ndipo mu 2009 malamulowo anakonzedwanso m'chikalata cha RFC 5545, maziko ake osagwedezeka. Ndiye chifukwa chake lero kalata yochokera mu Outlook imatsekuka mu Gmail ndi pa iPhone, yankho nilibwerera kwa mwini wake.