Mlendo wa M'madzi Ozizira

Mbiri ya dziko lino timakonda kuyiwerengera pa mayina a anthu: Livingstone, Johnston, Chilembwe, Kamuzu. Koma alipo mlendo wina amene mabuku a kusukulu samutchula, chonsecho adafika sitima ya pamtunda isadalire mu Blantyre. Sadalalikirepo, sadatolerepo msonkho. Mlendoyu ndi nsomba, dzina lake trout.

Mtundu umene udakhazikika kuno ndi uja wa mzere wofiirira m'nthiti, womwe eni ake amati rainbow trout. Kwawo kwenikweni ndi mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Angelezi adayamba kuyenda nayo kulikonse kumene ankalamulira, monga ku New Zealand ndi ku South Africa. Kuno idafika m'chaka cha 1906, Alfred Sharpe ali mkulu wa boma la atsamunda, dziko lisadatchedwe n'komwe Nyasaland, pakuti dzinali lidadza mu 1907. Adakayithira m'timitsinje ta paphiri la Zomba, pamwamba penipeni pa likulu lawo.

Taganizani, awerengi, za ulendo umenewo. Nsomba yamoyo siyikadapirira. Chomwe ankanyamula masiku amenewo ndi mazira, atawayala mu ndere zonyowa m'mabokosi, pamwamba ataikapo ayezi kuti asaswe msanga. Ndipo katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima za pamadzi, kenaka n'kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga. Kutentha kwa kuchigwa kuja inu mukukudziwa. Ntchito yonseyi, ati kuti bwana Loweruka masana akapeze chochita.

Inde, sikuti kudali njala ya ndiwo. Nyanja ya Chilwa ili pafupi pomwepo ndi matemba ake, makumba ndi milamba. Mzungu ankafuna masewero a kwawo, ndipo masewerowo ali ndi mwambo wake. Nyongolotsi saifuna. Amatenga kambedza kakang'ono n'kukakulunga ndi nthenga ndi ulusi mpaka kaoneke ngati kachilombo kouluka. Nyamboyo ndi yopepuka kwambiri, moti chimene chimaiponya patali ndi kulemera kwa chingwe. Mlenje amakupiza ndodo yake kutsogolo ndi kumbuyo, chingwe chikuvina m'malere, kufikira kanthenga kaja katatera pamadzi mwakachetechete. Nsomba ikanyengeka, ndewu yayamba. Ena akaigwira amaiyang'ana, n'kuimasula, n'kuibwezera m'madzi.

Mawu otsirizawa ndikawanena kwathu ku Mwanza anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi anga aang'ono adandifunsa kuti, "Iwe, ndiye kuti kunyumba kwa azunguwo ana adya kale eti?" Funsoli ndi lanthabwala, koma mkati mwake muli mbiri yonse ya nsombayi. Ife tidakula tikutchera mono m'mitsinje ya Mwanza ndi Mkulumadzi, tikuwedza ndi bango ndi nyongolotsi, tikufukula nkhanu pansi pa miyala. Kwa ife mtsinje udali nkhokwe. Kwa iwo udali bwalo.

Trout siyidafike kwathu, ndipo chifukwa chake si tsankho ayi. Nsombayi imafuna madzi oyera, othamanga, ozizira. Akangofunda kupitirira madigiri 20 imayamba kubanika. N'chifukwa chake idangokhala m'malo okwera: pa Zomba, pomwe nsonga yake ya Malumbe imapyola mamita 2,000, pa Mulanje, ndi pa Nyika, kumene madamu a ku Chelinda adatchuka nayo. Madzi a kwathu ndi ofunda. Adatikwanira kuthirira manachesi, basi.

Koma kumene idafika idadza ndi malamulo. Wowedza ankayenera kugula chiphaso. Nyambo yololedwa idali ya nthenga yokha. Miyezi yozizira, pomwe nsombayo imaswana, mtsinje unkatsekedwa. Tsono munthu wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, amene makolo ake adamwa madzi a Mulunguzi kuyambira kalekale, akapezeka ndi mono m'menemo ankasanduka wakuba. Apa mtima wanga umawawa. Mlendo adali ndi omulondera, mwini mudzi akuthamangitsidwa ngati galu wolowa m'khitchini.

Komabe, tisaweruze mlandu titamva mbali imodzi. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Akatswiri akamalemba mbiri ya ulimi wa nsomba m'Malawi amayambira pa chaka chomwe chija cha 1906, chifukwa trout ndiyo idayambitsa luso loswetsa nsomba m'maiwe okumba. Malo ena paphiri la Zomba mpaka lero amatchedwa Trout Farm. Patapita zaka 50, boma lidatembenukira ku nsomba zathu zomwe, makumba ndi chilunguni, ndipo mu 1957 lidatsegula malo oyeserera ulimi wa nsomba ku Domasi. Dziwe la mlimi lililonse limene mukuliona lero m'madimba ndi chidzukulu cha ntchito imeneyo.

Tidachitanso mwayi. Anzathu a ku nyanja ya Victoria adalandira mlendo wawo, chinsomba chotchedwa Nile perch, m'zaka za m'ma 1950, ndipo chidameza mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'nyanjamo. Mitsinje ya pa Nyika imatsikira m'nyanja ya Malawi, koma trout siyingathe kutsika nayo chifukwa cha kutentha. Chambo, mpasa ndi mbuna zidapulumuka kwa mlendoyu osati chifukwa cha nzeru za wina, koma chifukwa cha dzuwa.

Phunziro lalikulu, m'kuona kwanga, lili pa malamulo aja. Adali okondera, n'zoona. Koma amene adawalemba ankadziwa chinthu chimodzi: mtsinje umakhala ndi moyo ngati mitengo ya kumutu kwake ilipo, ndiponso ngati nsomba ipatsidwa mpata woswana. Trout ili ngati mboni. Nkhalango ikadulidwa, mthunzi umachoka, madzi amafunda, matope amakwirira timiyala m'mene imaikira mazira, iyo n'kuzimirira. Ikazimirira, dziwani kuti mtsinjewo wadwala, ndipo madzi a Mulunguzi ndi omwe mzinda wa Zomba umamwa.

Nanga mboni yathu ku Mwanza ndani? Ndi matumba a makala amene andanda m'mbali mwa msewu wa ku Zobue. Ndi mchenga umene wadzaza m'maiwe momwe tinkasambira. Ndi katupe amene ena amathira m'madzi n'kupha nsomba ndi ana ake omwe, ngakhale lamulo la za usodzi lilipo. Mwana wa lero mukamuuza kuti mumtsinje uno munkatuluka mlamba wonga mkono, amayesa mukumuimbira nthano.

Atsamunda adalondera nsomba yachilendo kuti asangalale Loweruka. Ife tikulephera kulondera nsomba zathu zomwe zimatipatsa ndiwo sabata yonse. Sindikuti tiyambe kumanga nthenga pambedza, ayi. Ndikuti mafumu athu, a zankhalango ndi ife eni mitsinje tikhale pansi, tigwirizane miyezi yopumitsa madzi, tileke mitengo ya m'magombe iime. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mtsinje ndi wathu. Ukauma, palibe sitima imene idzatibweretsere wina m'bokosi la ayezi.