Matchati a pa dashibodi ya DHIS2

Matchati a pa dashibodi ndi zithunzi za ziwerengero zomwe zimaikidwa pamodzi pa tsamba limodzi la pulogalamu ya pakompyuta, kuti munthu aone msanga mmene ntchito ikuyendera. Ku Malawi, ogwira ntchito zaumoyo amawapanga mu DHIS2, pulogalamu yaulere yomwe imakonzedwa motsogozedwa ndi University of Oslo ya ku Norway. Unduna wa Zaumoyo unayamba kuigwiritsa ntchito m'dziko lonse mu 2012. Malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala za boma ndi za CHAM, monga chipatala cha mpingo wa Katolika cha Kaseye m'boma la Chitipa, amalowetsedwa m'pulogalamuyi.

Kapangidwe kake

Tchati chimapangidwa m'chigawo chotchedwa Data Visualizer. Wopanga amayankha mafunso atatu: chiyani, liti, ndi kuti. Mwachitsanzo, angasankhe odwala malungo, miyezi 12 yapitayi, ndi chipatala cha Kaseye. Akatero amasankha choti chiyalidwe m'munsi mwa tchati, nthawi zambiri miyezi, ndi choti chisiyanitsidwe ndi mitundu, monga ana osakwana zaka zisanu ndi anthu akuluakulu. Tchatichi amachisunga ndi dzina, kenako n'kuchiika pa dashibodi. Nambala zomwe zangolowetsedwa kumene sizionekera pompo; zimadikira kuti pulogalamu ikonzenso matebulo ake owerengera.

Mitundu ya matchati

Tchati cha mzere chimasonyeza kukwera ndi kutsika kwa chinthu pakapita nthawi. Cha mizati ndi choyerekezera malo, monga Kaseye ndi zipatala zina za m'bomali. Mitundu iwiriyi ndi yakale: William Playfair wa ku Scotland anaisindikiza mu 1786, ndipo mu 1801 anatulutsanso tchati chozungulira chogawidwa m'mapande. Chozungulirachi ambiri amachikonda chifukwa chimakongola, koma mapande akachuluka diso silitha kusiyanitsa lalikulu ndi laling'ono.

Pa matenda oyendera nyengo, chothandiza kwambiri ndi tchati cha Year over year, chomwe chimasanjikiza zaka zingapo pa miyezi imodzimodzi. Malungo amachuluka m'dzinja chaka chilichonse, choncho kuona mzere ukukwera mu Febuluwale si nkhani. Nkhani ndi yakuti wakwera kuposa Febuluwale wa chaka chatha kapena ayi.

Mmene tchati chinganamizire

Tchati chimajambula zomwe chapatsidwa basi. Chipatala chikachedwa kutumiza lipoti, mzere wa boma lonse umagwa mwezi umenewo ngati kuti odwala achepa. Woona mzerewo angaitanitse mankhwala ochepa pomwe odwala akadali ambiri. N'chifukwa chake nkwanzeru kuika pambali pake tchati china chosonyeza kuchuluka kwa malipoti omwe afika.

Vuto lina ndi la maperesenti. Pofuna kudziwa gawo la ana olandira katemera, pulogalamu imagawa nambala ya obayidwa ndi nambala ya ana omwe akuganiziridwa kuti ali m'dera la chipatalacho. Nambala yachiwiriyi ndi yongoyerekeza kuchokera pa kalembera wa anthu, monga wa 2018, pomwe alangizi a zaumoyo akawerenga khomo ndi khomo amatha kupeza ina. Boma la Chitipa linachita malire ndi Tanzania komanso Zambia, ndipo anthu a m'malire sayang'ana dera lolembedwa pa mapu posankha chipatala. Motero mzati wa chipatala china ungadutse 100 peresenti, wa chinzake n'kuoneka wotsika, chikhalirecho ana a m'dera lake anakabayitsa kwina. Kuika nambala zenizeni pafupi ndi maperesenti, komanso kuona boma lonse pamodzi, kumathandiza kuti chipatala chisadzudzulidwe pachabe pa msonkhano wounika ntchito.