Mzinda wa Bath ndi Mbiri Yathu

Ambiri mwa ife amene tikukhala muno mu Perth timawadziwa akasupe a madzi otentha akumudzi, monga a Mawira ku Nkhotakota ndi a ku Chiweta m'boma la Rumphi. Ku Mangalande nakonso kuli akasupe otere, ndipo pamalopo panakula mzinda wotchedwa Bath. Aroma anamangapo nyumba zosambiramo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, natcha malowo Aquae Sulis. Madzi ake amatumphuka pansi akutentha madigiri 46. Podzafika zaka za m'ma 1700, Bath unasanduka mzinda wa anthu achuma odwala nyamakazi ndi akuluakulu a boma opuma pantchito. Koma mzinda wopumuliramowu unakhudza dziko limene tinachokera, ndiponso lino limene tinabwerako.

Wa dziko lino ndi Arthur Phillip, amene anatsogolera zombo 11 zonyamula akaidi ndi asilikali ndi kukocheza pa Sydney Cove pa 26 January 1788. Kuno kumadzulo sanapondeko, pakuti Perth anakhazikitsidwa mu 1829 pa nthaka ya a Noongar, iye atamwalira kale. Phillip anakalambira ku Bath, natsikira kulichete mu 1814, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha St Nicholas ku Bathampton. Tsiku limene iye anakocheza ndi lomwe ena amavina, pamene eni nthaka ambiri amalira.

Nkhani yathu yeniyeni inachitika mu September 1864, pamene bungwe la akatswiri a sayansi la British Association linasonkhana mumzindawu. David Livingstone anali atangobwera kumene kuchokera ku ulendo wa pa Zambezi ndi Shire, ulendo umene unamufikitsa pa nyanja yathu mu 1859. Zinthu sizinamuyendere. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya Magomero anamwalira mu January 1862, mayi Mary Livingstone anatsatira mu April chaka chomwecho ku Shupanga, ndipo mu 1863 boma la Britain linamuitanitsa kuti abwerere. Ku Bath anayankhula kwa chikhamu cha anthu, nadzudzula Apwitikizi poyera chifukwa cha malonda a akapolo amene anapulula midzi ya m'chigwa cha Shire. Ku Lisbon anapsa mtima ndipo anamuyankha m'nyuzipepala. Chotidabwitsa ife n'chakuti za Amang'anja ndi Ayao zinakambidwa ndi kuwomberedwa m'manja m'mzinda wa madzi otentha, eni akewo asakudziwa n'komwe kuti mlandu wawo uli pabwalo.

Pamsonkhano womwewo panayenera kukhala mtsutso wa John Hanning Speke ndi Richard Burton wonena za gwero la mtsinje wa Nile. Pa 15 September, kutatsala tsiku limodzi, Speke anafa ndi mfuti yake yomwe ali kosaka mbalame pafupi ndi Bath. Funso la Nile linatsala lopanda woliyankha, ndipo ndi lomwe linabwezera Livingstone ku Africa mu 1866. Anadutsanso kummwera kwa nyanja yathu, nakafera kwa Chitambo mu 1873. Imfa yake ndiyo inadzutsa mipingo ya ku Scotland, kotero kuti mishoni ya Livingstonia inafika ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo mu 1891 dziko linali m'manja mwa Angerezi.

Munthu amene amatikhudza mtima koposa, ife okhala kutali ndi kwathu, ndi Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Asilikali a Mussolini analowa m'dziko lake mu October 1935, ndipo mu May 1936 mfumuyo inathawa. Pa 30 June chaka chomwecho inakadandaula ku bungwe la League of Nations ku Geneva, koma maiko akuluakulu anangoti kukamwa yasa, osachitapo kanthu. Inabwerera ku Mangalande ndi kugula nyumba yotchedwa Fairfield House ku Bath, komwe inakhala ndi banja lake, ansembe ndi nduna zake mpaka 1940.

Sanali masiku okoma. Ndalama zinachepa pakhomopo, chisanu chinawasautsa, ndipo boma la Britain mu 1938 linavomereza ulamuliro wa Italy pa Ethiopia, mlendo wawoyo akadali pakati pawo. Aliyense wa ife amene anasiya udindo kumudzi n'kudzayambiranso pansi kuno, akuwerengera ndalama ya lendi, angamvetse pang'ono za mtima wa mfumu yoyenda m'misewu ya Bath itavala chikhoti. Walira mvula walira matope, koma iyeyu mvulayo sanaiitane. Italy italowa nkhondo motsutsana ndi Britain mu June 1940, Angerezi anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi bwenzi, namutengera ku Sudan. Pa 5 May 1941 analowanso mu Addis Ababa, patatha zaka zisanu ndendende chilandidwire mzindawo.

Sitikunena kuti anali mngelo. Njala ya ku Wollo ya 1973 inapha anthu ochuluka boma lake likubisa, ndipo mu 1974 asilikali anamuchotsa pampando. Komabe ndi mu mzinda wake m'mene maiko a Africa anakhazikitsa bungwe la OAU mu 1963, ndipo atadzacheza kwathu dziko litangolandira ufulu, tinamusiyira dzina pa msewu wa Haile Selassie mu Blantyre ndi pa malo oonera patali a Emperor's View paphiri la Zomba.

Ku Bath anabwererako mu 1954 ali mfumu yapampando, ndipo akuluakulu a mzindawo anamulandira ndi ulemu waukulu. Mu 1958 anapereka Fairfield House kwa mzindawo kuti ikhale ya okalamba. Kuyambira zaka za m'ma 1990 m'nyumbayo mumakumana agogo ochokera ku Caribbean, ku Asia ndi ku Africa amene anakalambira ku Mangalande, ndipo Aitiyopiya ndi a Rasta amafikako kudzapemphera.