Mankhwala a Thonje ku Makoka ndi Thupi la Mlimi

Munthu woima pamwamba pa phiri la Zomba amaona mtsinje wa Likangala ukutsika kupyola m'tauni, kudutsa m'minda ndi m'madimba, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Kumwera kwa tauniyo, pafupi ndi Thondwe, kuli malo ofufuzira zaulimi a Makoka. Mbiri ya mankhwala ophera tizirombo m'dziko muno imadzera pamalo ameneŵa.

Malo a Makoka anatsegulidwa m'chaka cha 1967, ndipo ntchito yake yaikulu inali ya thonje. Mdani wa mlimi anali mbozi zoboola zipatso za thonje zisanaphulike. Akatswiri analangiza kuti alimi azipopera DDT ndi Sevin ndi pampu yobereka kumsana, ndipo amene anatsata malangizoŵa anakolola zochuluka. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Mphamvu ya DDT anaitulukira Paul Müller wa ku Switzerland mu 1939, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1948. Mu 1962 mai Rachel Carson analemba buku lotchedwa Silent Spring lochenjeza za kuipa kwake, ndipo mu 1972 dziko la Amereka linaletsa DDT paulimi. Vuto lake ndi lakuti saola msanga. Mvula ikakokolola dothi, mankhwalaŵa amaloŵa m'mitsinje ndi m'nsomba, kenaka amakakhazikika m'mafuta a thupi la munthu, mpaka kufika m'mkaka umene mwana amayamwa.

Sevin ali m'gulu lina, limodzi ndi Temik amene ambiri amati tameki. Ameneŵa sakhalitsa m'nthaka ngati DDT, koma amasokoneza mitsempha mofulumira. Amaloŵera pakhungu, m'kamwa ndi m'mphuno. Wovulala amachucha dovu ndi thukuta, amasanza, timwana ta maso ake timachepa, ndipo amabanika. Kuchipatala amam'baya mankhwala a atropine, ndipo akachedwa kufika amatha kufa. Tameki, yemwe ndi waululu koposa Sevin, anapangidwira tizirombo ta m'nthaka, koma anayamba kugulitsidwa m'misika m'timapepala ngati mankhwala a makoswe. Mabanja ambiri aika maliro chifukwa cha iye.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nankafumbwe wamkulu analoŵa m'dziko kuchokera ku Tanzania, ndipo ufa wa Actellic unafala m'matumba a chimanga. Motero mankhwala anachoka kumunda nadzagona m'nyumba. Mu 2000 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyang'anira mankhwalaŵa pamodzi ndi bungwe la Pesticides Control Board. Mu 2001 maiko anagwirizana ku Stockholm kuti DDT atsale wolimbana ndi tizirombo tofalitsa matenda, monga udzudzu wa malungo. Mu Disembala 2017 Boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 chifukwa cha mbozi zoononga chimanga, ndipo pampu inabwereranso kumsana kwa alimi ochuluka.

Malamulo amalembedwa ku Lilongwe, koma wosukunula mankhwala ndi mlimi wa ku Thondwe, kaŵirikaŵiri wopanda nsapato kapena chophimba kumphuno. Iyeyo akapopera moyang'anana ndi mphepo, mankhwala amam'bwerera kumaso. Akasunga otsala m'botolo la zakumwa, amatchera msampha mwana wake. Akatsukira pampu mu Likangala, madziwo amakafika kwa wotunga kumunsi ndi kwa msodzi wa ku Kachulu.