Malamulo Awiri a Kunyanja: Malimidwe ndi Chilumba cha Mbenje

Mlendo wofika ku Salima m'nyengo ya dzinja, akatsikira ku gombe la Chikombe m'dziko la Mfumu Makanjira, amapeza chinthu chodabwitsa. Kutsogolo kwake m'nyanjamo kuli chilumba cha Mbenje, chotchuka ndi utaka, koma palibe bwato lolunjika kumeneko kukaponya khoka. Asodzi ali kuminda kwawo, ndipo chilumba chili chete kufikira tsiku limene mfumu idzachitsekula. Mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950, nthawi yomweyo imene Boma la Atsamunda linali kukakamiza anthu kusintha kalimidwe kawo. Malamulo awiriwa onse anali ndi cholinga chosamala chimene chimadyetsa anthu, lina nthaka, lina nsomba. Koma limodzi linadedwa nkuthetsedwa, pamene linzake lilipo mpaka lero. Nkoyenera kuti wophunzira zauphunzitsi adziwe chifukwa chake.

Kuyambira kale anthu a m'mphepete mwa nyanja ankadya mosiyana ndi anzawo a kumtunda. Chinangwa ankachibzala pa matutu, mpunga m'madambo, ndipo ndiwo yawo yaikulu inali nsomba: chambo, utaka, usipa ndi kampango. Njanji itafika ku Salima mu 1935, malonda a thonje ndi a nsomba zouma anakula, kotero kuti munda ndi nyanja zinayamba kufunidwa ndi anthu akutali amene sanali kuziona ndi maso.

M'zaka za 1938 ndi 1939 Boma linatumiza gulu lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt kukafufuza za kadyedwe m'midzi ya m'boma la Kota Kota, kumpoto kwa Salima. Iwo anayesa zakudya za mudzi wa kumapiri, wa m'munsi mwa mapiri ndi wa kunyanja. Mu 1939 gulu lina, m'mene munali Ethelwynn Trewavas, linafufuza za nsomba, ndipo kuyambira 1945 mpaka 1947 Rosemary Lowe anaphunzira moyo wa chambo. Nzeru yotuluka m'ntchito zimenezi ndi yosavuta kuimva: chinangwa chimakhutitsa mimba koma sichimanga thupi, tsono mwana woleredwa ndi nsima ya kondowole amadalira nsomba kuti akule bwino. Nsomba ikasowa m'nyanja, matenda a kuperewera kwa chakudya amalowa m'nyumba.

Za nthaka Boma linali ndi mantha ena. Akuluakulu a zaulimi ankakhulupirira kuti mvula ikukokolola chonde chifukwa cha matutu ndi kudula mitengo. Mu 1946 anakhazikitsa lamulo losamala zachilengedwe, ndipo njala ya 1949 itapita, Bwanamkubwa Geoffrey Colby analimbitsa dzanja. Mlimi aliyense analamulidwa kulima mizere yopingasa, kuunda milambala, kubzala pa nthawi yoikika, ndi kuzula mapesi a thonje akatha kukolola. Wolephera ankalipitsidwa ndalama kapena kutsekeredwa m'ndende, ndipo ena anazuliridwa mbewu zawo. Zonsezi anthu anazitcha ndi mawu amodzi, malimidwe, ndipo mawuwa anasanduka dzina la nkhanza.

Sikuti zonse za m'lamuloli zinali zopusa. Pamalo otsetsereka mzere wopingasa umagwiradi madzi ndi dothi, ndipo kutentha mapesi a thonje kumachepetsa mbozi za chaka chotsatira. Cholakwa chinali chakuti lamulo limodzi linaikidwa pa dziko lonse, osafunsa eni minda. Pa chigwa cha kunyanja, pamene madzi amaima nthawi ya mvula, mlimi anali ndi chifukwa chokwezera chinangwa chake pa matutu. Koma mlangizi wobwera ndi chingwe choyezera sanatumidwe kudzamva zifukwa, anatumidwa kudzalemba maina a olakwa. Mafumu amene anaweruza milandu yotere anataya ulemu pamaso pa anthu awo. Motero andale a Congress anapeza m'malimidwe nkhani yomveka m'mudzi uliwonse, ndipo Dr. Banda atakhala nduna yoyang'anira zachilengedwe mu 1961, chikakamizo chija chinalekeka.

Pamene zimenezi zinali kuchitika kumtunda, ku Mbenje kunali kufika asodzi ochokera kutali, ena a ku Likoma, ndi makoka awo a chilimira ogwirira utaka. Iwo anapempha malo kwa mfumu monga mwa mwambo, ndipo mfumu inawalola, koma inaika malire. Chilumba chinayenera kutsekedwa m'nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala, ndi kutsekulidwa mu Epulo. Zifukwa zake zinali zodziwika kwa munthu aliyense: m'miyezi imeneyo mphezi ndi namondwe zimaopsa moyo wa msodzi, minda imafuna manja, ndiponso mizimu ya makolo iyenera kulemekezedwa pamalo pake. Patapita nthawi, anthu anaona ndi maso awo kuti madzi opumula amabweza nsomba zambiri, ndipo chimenechi chinakhala chifukwa chachikulu cha mwambowo.

Malamulo a pachilumbapo ndi olimba kuposa a malimidwe. Mowa, chamba ndi njuga nzoletsedwa. Akazi saloledwa kukwera pachilumba, ndipo amachita malonda awo a nsomba kumtunda. Makoka a maso ang'onoang'ono, amene amakokolola ndi tiana tomwe, saloledwa. Wolakwa amalipa kapena kuthamangitsidwa. Lamulo lokhudza akazi ena amalitsutsa masiku ano, ndipo ali ndi mfundo zoyenera kuzimva. Komabe asodzi amasunga malamulowa, pakuti amadziwa amene anawaika, amamva chifukwa chake, ndipo phindu lake limalowa m'bwato lawo lomwe. Pa tsiku lotseka ndi lotsekula pamakhala msonkhano, mfumu ndi akuluakulu nakumbutsa anthu malamulo onse poyera. Ofufuza a ku Mzuzu University ndi University of Strathclyde, poyerekeza utaka wa ku Mbenje ndi wa m'madzi oyandikana nawo, anapeza kuti wa ku Mbenje ndi wokulirapo.

Kumadera ena nkhani inayenda mwina. Ku nyanja ya Malombe chambo chinatha pafupifupi chonse kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, chifukwa cha makoka ochuluka ogwira usana ndi usiku. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Apo Boma linazindikira kuti silingathe kulondera nyanja lokha. Mu 1993 linayamba kugwira ntchito pamodzi ndi makomiti a asodzi a m'magombe, ndipo lamulo la nsomba la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi akhale ndi gawo posamala nsomba. Chimene mfumu ya ku Salima inachita zaka makumi anayi m'mbuyomo chinalowa tsono m'buku la malamulo.

Ngakhale mizere ili ndi phunziro lake. Chikakamizo chitatha, alimi ambiri anapitiriza kuilima mwa kufuna kwawo, pamene anaona kuti ikuwathandiza, mpaka inakhala kalimidwe ka dziko lonse. Lero alangizi ena akuphunzitsa ulimi wa mtayakhasu, wosagalauza nthaka koma kuiphimba ndi mapesi. Nzeru ya alangizi imasintha ndi mibadwo, ndipo chimenecho chiyenera kuchepetsa kudzikuza kwa aliyense wonyamula uthenga watsopano kumudzi.

Mphunzitsi wotumidwa ku sukulu ya kunyanja adzapatsidwa phunziro la zaulimi ndi la magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Adzafuna kuti ana adye nyemba, nsawawa ndi masamba pamodzi ndi nsomba, kuti makolo aleke kuwedza ndi maukonde a udzudzu, ndi kuti mitengo ya m'mbali mwa mitsinje isadulidwe, popeza dothi lokokoloka limakwirira malo oswanirana nsomba. Zonsezi nzabwino. Koma asanayambe kulangiza, ayambe wafunsa chifukwa chimene agogo a anawo amachitira zimene amachita. Dimba la sukulu lionetse phindu lisanakhale lamulo. Ndipo apite kwa mfumu ndi kwa makolo monga wopempha, monga anachitira asodzi oyamba a ku Mbenje. Akatero, ana amene awaphunzitsa adzasunga nthaka ndi nyanja ngakhale iye atasamutsidwa kupita ku sukulu ina.